Kukonza chivundikiro chogwedera cha bokosi la mafyuzi la kumapazi m'galimoto

Galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri a mafyuzi. Lina limakhala ku injini, lina m'kati cha kumapazi. La m'katili mulipeza kunsi kwa chiwongolero, kapena pa khoma lapulasitiki limene phazi limatsamira pafupi ndi chitseko, kapenanso kunsi kwa kabati kakang'ono ka kutsogolo kwa wokwera. Poti galimoto zochuluka m'misewu yathu n'zochokera ku Japan, zachiwongolero kumanja, musadabwe kulipeza kumanzere, kumapazi kwa wokwera, pamene kanema wa pa intaneti wa galimoto ya mtundu womwewo ya ku America akulionetsa kwa dalaivala. Pa mitundu ina bokosi limakhala mbali imodzimodzi, chiwongolero chokha ndicho chimasuntha.

Chivundikiro chake n'chaching'ono, ngati chikhatho kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chikayamba kugwedera ambiri amangochiponya m'kabati kapena kuchimata ndi tepi. Chikakhala kwa dalaivala n'kugwa galimoto ikuyenda, chimatha kutsetserekera kunsi kwa chopondera buleki, buleki osafika pansi pa nthawi imene mukuifuna. Bokosi likakhala losatseka, nsapato imagunda mafyuzi n'kumawasuntha pang'onopang'ono, fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa, ndipo mapu osonyeza ntchito ya fyuzi iliyonse, amene kawirikawiri amadindidwa kuseri kwa chivundikirocho, amasowa nacho limodzi.

Chivundikiro sichigwedera popanda chifukwa, ndipo chifukwacho nthawi zambiri sichikhala pa chivundikiro penipenipo. Guluu akhale womaliza kumuganizira.

Musanagwire kanthu

Zimitsani injini, chotsani kiyi, kankhirani mpando kumbuyo mpaka pothera, ndipo tulutsani kapeti yopondapo. Tengani tochi. Jambulani ndi foni zithunzi ziwiri: cha mafyuzi momwe akhalira, ndi cha mapu a kuseri kwa chivundikiro. Vulani wotchi yachitsulo ndi mphete. Kuchotsa kiyi sikuzimitsa bokosi lonse. Mafyuzi a nyali ya m'kati, a nyali za buleki, a hutala ndi a mahazadi amakhala ndi moto usana ndi usiku, ndipo pamutu pa fyuzi iliyonse pali timadontho tiwiri tachitsulo tosakutidwa, timene wamagetsi amayezerapo. Timadontho timeneti muzitikumbukira, chifukwa ndi timene tikuletsa njira zambiri zachidule zimene zimaoneka ngati zanzeru.

Ngati ntchito yanu ithera pa chivundikiro chokha, batire musalikhudze. Koma ngati mumasula bokosi lenilenilo, kapena muboola pulasitiki pafupi ndi mawaya, chotsani kaye waya wa negetivu, umene nthawi zambiri umamasuka ndi sipanala ya 10, n'kudikira mphindi zitatu kuti mphamvu yotsalira ya ma airbag ithe. Mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a airbag. Musawakoke, musawabaye, musawayeze ndi nyali yoyezera. Galimoto zina zili ndi airbag ya m'mawondo pomwepo kunsi kwa chiwongolero.

Kuchotsa batire kuli ndi mtengo wake pa galimoto za ku Japan. Mawailesi ambiri okhala ndi sikirini amene amabwera nazo, magetsi akaduka, amafuna khadi la SD la mapu kapena nambala yachinsinsi kuti ayakenso, ndipo khadilo nthawi zambiri linasowa galimoto isanafike n'komwe m'manja mwanu. Onani ngati lilimo musanamasule waya. Mawindo otsika ndi kukwera okha angafunenso kuwaphunzitsa: kwezani galasi mpaka pamwamba, pitirizani kugwira batani masekondi awiri kapena atatu.

Chimagwira ndi chiyani

Tulutsani chivundikiro panja poyera, muchitembenuze. Mitundu ikuluikulu ndi itatu. Wofala kwambiri uli ndi timano tiwiri kapena titatu tolimba mbali imodzi, timene timalowa m'mipata n'kukhala ngati mahinje, ndipo mbali inayo kuli kalilime kofewa kokhala ndi kambedza, kamene kamapindika polowa n'kubwerera kukakola. Wachiwiri uli ndi timizati tapulasitiki tovekedwa makilipi achitsulo kapena apulasitiki woyera, ndipo umangokankhidwa. Wachitatu uli ndi kamfundo kozunguza ndi chala kapena ndi ndalama yachitsulo, kamene kamatseka mukakazunguza gawo limodzi la magawo anayi a bwalo.

Dziwaninso kuti galimoto zina zili ndi zivundikiro ziwiri: kachitseko kakunja ka pa dashibodi, ndi kachivundikiro kam'kati kokhala pamutu pa mafyuzi penipeni. Kam'katika n'kamene kamafuna kusamala kwambiri, chifukwa pakati pa iko ndi timadontho tachitsulo tija pamangotsala mamilimita ochepa.

Yambani ndi chimene chikukankha kuchokera m'kati

Chivundikiro chikakhala chonse bwinobwino, timano tilipo, kalilime kalipo, koma chikukana kukola kapena chikukola n'kudumpha pa bampu yoyamba, pali chimene chikuchitukula. Goneketsani rula kapena khadi lolimba pamitu pa mafyuzi. Onse a mzere umodzi ayenera kulingana. Imene yatumphuka ndiye nkhani yanu.

Mwina sinalowe yonse, ndipo ingofunika kuikankha ndi chala chachikulu mpaka ikhale pansi. Koma kawirikawiri imakhala ya msinkhu wolakwika. Mafyuzi ang'onoang'ono a mano awiri alipo a mitundu iwiri yofanana m'lifupi, pafupifupi mamilimita 11, koma yosiyana kutalika. Ya mini ndi yaitali mamilimita 16 ndi pang'ono, pomwe ya low-profile mini sifika mamilimita 9. Galimoto zambiri za ku Japan za zaka za m'ma 2000 kupita m'tsogolo zimagwiritsa ntchito yaifupiyi, koma m'mashopu yopezeka msanga ndi yaitali. Yaitaliyo imalowa m'malo a yaifupi ndipo magetsi amayenda, n'chifukwa chake woika amaona ngati zatheka, koma mutu wake umatsala kunja ndipo chivundikiro chimakhalira pamenepo. Mankhwala ake n'kugula ya msinkhu woyenera ndi mphamvu yomweyo. Mitundu imathandiza: 5A ndi ya khaki, 7.5A yabulauni, 10A yofiira, 15A yabuluu, 20A yachikasu, 25A yoyera moonekera m'kati, 30A yobiriwira. Komabe werengani nambala ya pa mapu, musangotengera mtundu wa imene mwaipezamo, chifukwa amene anaika yaitali uja angakhale anaphonyanso mphamvu.

Chotukula china ndi ntchito ya oika alamu, tiraka, kamera ya pa galasi kapena wailesi yatsopano. Ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kolowa m'malo a fyuzi, kokhala ndi mafyuzi awiri ndi waya wotuluka m'mbali, ndipo n'kachitali kuposa fyuzi wamba. Kameneka n'kabwino, kungoti waya wake amafuna njira. Ngati chikutsekereza ndi waya yekha, semani kampata ka mamilimita 5 m'mphepete mwa chivundikiro ndi fayilo yozungulira, kutali ndi timano, musalaze m'mbali kuti pasadye waya. Ngati chikutsekereza ndi mutu wa kachipangizoko, n'kwabwino kukasamutsira pa fyuzi ina ya mtundu womwewo wa moto (wokhalapo nthawi zonse kapena wobwera ndi kiyi), ya kumphepete kumene chivundikiro chili ndi danga lalikulu. Ena samavutika n'kugula kachipangizoko: amangopota waya pa dzino la fyuzi n'kuikhomera. Waya wopotedwayu ndi wofunika kuchotsa, osati kum'semera njira. Amakanula chitsulo cha m'kati chimene chimafinya dzino la fyuzi, pamenepo n'kumatentha, ndipo waya woteroyo nthawi zambiri amakhala wopanda fyuzi yakeyake.

Onaninso kopanira kapulasitiki kozulira mafyuzi ndi mafyuzi osungira, ngati galimoto yanu imawasunga pamenepo. Kakaikidwa chozondoka, chivundikiro sichikhala pansi. Chimodzimodzi mphepete ya kapeti kapena mphira wa chitseko akapanikizika pakati.

Pali kulakwitsa kwina kochititsa manyazi koma kofala: kulowetsa mbali yolakwika poyamba. Timano tolimba ndi timene timayamba kulowa, chivundikiro chitapendekeka, kenako n'kugonetsa mbali ya kalilime mpaka kumveka kuti kha. Mukayamba ndi kalilime, timano timakhala pamwamba pa mipata yake, chivundikiro chimaoneka ngati chatseka, n'kugwa pa msewu wa fumbi. Ndipo kuchimenya ndi chibakera chili choncho ndi kumene kumathyola timano.

Kalilime katatopa koma sikanathyoke

Pulasitiki akakhala wopindika nthawi yaitali pa kutentha, amazolowera momwemo. Kalilime kamagonera m'kati ndipo kambedza sikafikanso pokola. Yang'anani patsinde pake. Ngati pali mzere woyera, pulasitiki wayamba kutha mphamvu pamenepo ndipo mukakapinda kozizira kathyokera m'manja.

Katenthetseni kaye. Wiritsani madzi, adikireni mphindi imodzi kapena ziwiri, mumize kalilime ndi tsinde lake kwa masekondi 45 mpaka 60. Pepala la mapu lisanyowe ngati ndi lomata. Tulutsani, kakankhireni kunja mopitirira pang'ono pamene mukufuna kuti kakhale, mamilimita awiri okha, chifukwa kamabwererako pozizira. Lowetsani kapepala kopinda kuseri kwake kuti kasabwerere, musiye mphindi 10. Choumitsira tsitsi chimagwiranso ntchito yomweyi. Machesi, kandulo ndi laitala ayi: lawi limapsereza pamwamba m'kati musanafewe, ndipo pulasitiki wopserera amafufuta.

Ngati kambedza kadyeka n'kukhala kozungulira, kadzutseni ndi fayilo yaing'ono kuti nkhope yokola ikhalenso yowongoka. Kawiri kapena katatu kokha, muyese. Mukadya kwambiri, chivundikiro chikola koma chizichita gwedegwede.

Gwedegwede wa chivundikiro chimene chikukola bwino n'chosavuta kuthetsa. Matani tizidutswa tiwiri ta tepi ya siponji yokhuthala milimita imodzi kapena awiri m'mphepete mwa m'kati, kapena zunguzani kawiri tepi yansalu yokutira mawaya pa dzino lililonse. Kachidutswa ka chubu cha njinga kamathandizanso. Tepi yakuda ya magetsi musaidalire pano: ikatenthedwa guluu wake amasungunuka, imatsetsereka n'kusiya zonanda.

Makilipi ndi kamfundo kozunguza

Pa chivundikiro cha makilipi, werengani timizati, muwerengenso makilipi. Yosowayo kawirikawiri imakhala itatsalira m'bowo la pa dashibodi, kapena inagwera kuseri kwa kapeti. Yotsalira m'bowo izuleni ndi pulayala yosongoka, n'kuibwezera pa kamzati kake, osati m'bowo. Ngati yachitsulo yagwera m'kati, ifunefuneni ndi tochi ndi maginito mpaka muipeze. Kachitsulo koyendayenda kuseri kwa bokosi la mafyuzi si kokasiya.

Kilipi yachitsulo imagwira pawiri. Timinga ta m'kati timaluma kamzati, mapiko akunja amakola m'bowo. Ikamavuka pa kamzati, finyani pang'ono pakamwa pake ndi pulayala musanaiveke. Ikamatuluka m'bowo mosavuta, kanulani mapiko milimita imodzi. Pogula ina, tengani yakale, chifukwa zimafanana pamaso koma zimasiyana m'lifupi.

Kamfundo kozunguza kakadyeka, m'malo mwake mutha kuika kilipi yokankha, ya mtundu wa zimene zimagwira mabampa, yokhala ndi kamutu kapakati kotukula pofuna kuchotsa. Yezani bowo polowetsa tsinde la mabiti a dirilo, 6, 7 kapena 8, kuti mudziwe saizi yake, ndipo sankhani yaifupi kuti isakagunde mawaya kuseri.

Dzino likathyoka, dziwani kaye pulasitiki wake

Apa ndi pamene ndalama zambiri za supaguluu zimatayikira. Kuseri kwa chivundikiro kumakhala zilembo zodinda pakati pa zizindikiro ziwiri zosongoka, monga >PP<, >PP-TD20<, >ABS<, >PA66< kapena >PBT<. Zilembo zimenezi zimatchula mtundu wa pulasitiki, ndipo ndi zimene zikuuzeni njira.

Zambiri za m'kati mwa galimoto ndi PP. Pulasitiki ameneyu ali ngati phula pamwamba pake: supaguluu ndi epoxy wamba zimauma bwinobwino, zimaoneka ngati zagwira, koma mukakanikiza zimasendeka zonse ngati khoko la dzira. Kuthira soda wophikira pa supaguluu sikusintha kanthu pa PP, kumangopanga chibuluma cholimba chimene chimachoka chonse pamodzi. PP amafuna kuwotcherera. Zilembo zikafufutika, donthezani acetone, mankhwala osungunula penti, pamalo obisika. ABS amananda pakapita masekondi ochepa, PP sasintha n'komwe.

Kuwotcherera PP kumafuna soldering iron (chowotchera cha magetsi) ya mawati 30 mpaka 40, yansonga yaphwatalala, ndi kachingwe ka pulasitiki wa mtundu womwewo kodzazira. Kabwino koposa n'kamene mwasenga pa nthiti ya m'kati mwa chivundikiro chomwecho, kapena pa chidutswa cha pulasitiki wa galimoto yakufa. Chidebe kapena kontena yokhala ndi nambala 5 pakati pa mivi itatu ndi PP, ndipo imathandiza pakasowa china. Cable tie, kachingwe kapulasitiki komangira mawaya, musadzazire, ngakhale ambiri amatero. Iyo ndi nayiloni, sisakanikirana ndi PP, imangokhala pamwamba.

Tsukani zidutswa ndi sopo, ziume, mupukute ndi spirit. Polishi wa dashibodi ali ndi silikoni amene amalepheretsa chilichonse kugwira, choncho pukutani kawiri ndi nsalu yoyera. Lumikizani dzino pamalo pake ndendende, mugwirize ndi tepi kunja. Ndi nsonga ya chowotchera, bayani madontho awiri kapena atatu pa mng'alu kuti zigwirane, kenako yesani ngati dzino lili chilili. Tsopano kokani nsonga motsata mng'alu kuti mukumbe kangalande kofika theka la kukhuthala kwa pulasitiki. Ikani kachingwe kodzazira, ka mamilimita awiri kapena atatu m'lifupi, musungunule pamodzi ndi makoma a kangalandeko, mukukankhira wosungunukayo m'kati. Chinsinsi chili pomwepo: mbali zonse ziwiri zisungunuke. Wodzazira akangodontha pa pulasitiki wozizira, mwapanga guluu wina wosagwira. Tembenuzani, muchite chimodzimodzi kuseri.

PP amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, pamene chowotchera chopanda poyezera chimatentha kuposa pamenepo kutalitali. Mukaona utsi wambiri kapena pulasitiki akusanduka wabulauni, chizuleni ku magetsi kwa masekondi 30. Ngati chanu chili ndi poyezera, chiikeni pakati pa 250 ndi 300. Gwirirani ntchitoyi panja kapena pa windo. Musiye zizizire zokha mphindi 10, osathira madzi, kenako sulani ndi fayilo mpaka dzino lilowe mumpata wake mosakakamiza.

Ena amalimbitsa polowetsa kachitsulo ka stepulala kotentha chopingasa mng'alu. Pa kachitseko kakunja zimagwira bwino, bola kachitsuloko kamire konse n'kukutidwa ndi pulasitiki. Pa kachivundikiro kam'kati, koyang'anizana ndi timadontho tachitsulo tija, musaikepo chitsulo cha mtundu uliwonse.

Kunena zoona, kuwotcherera kumakhalitsa pa timano tolimba, koma pa kalilime kopindika sikuchedwa kuthyokanso. Pamene mwawotcherera pamauma, sipapindika, ndiye mphamvu yonse imasamukira m'mbali mwake n'kung'ambika pamenepo. Mukati muonjezere pulasitiki kuti palimbe, kalilime kamakana kupindika n'komwe. Kalilime kakathyokera patsinde, ganizirani velcro (timalamba tiwiri togwirana tikapanikizana), cable tie, kapena chivundikiro china.

ABS ndi wosavuta. Sengani tizidutswa ta ABS m'kabotolo kagalasi, thiranimo acetone wongomiza, tsekani, musiye maola angapo mpaka zikhale ngati phala. Nyowetsani mbali ziwiri za mng'alu ndi acetone, zipanikizeni mphindi imodzi, mupake phala lija mopyapyala patsinde, musiye maola 24. Ochotsera penti wa m'zikhadabo ambiri ndi osakaniza ndi madzi ndi mafuta, sagwira bwino. Acetone amayaka msanga, asayandikire chowotchera. Pa PA66 ndi PBT, kwechani ndi sandipepa wa 80 kapena 120, mupake epoxy wosakaniza awiri.

Kumata kulikonse kuchitikire kunja kwa galimoto. Nthunzi ya supaguluu imasiya choyera pa zitsulo za mafyuzi, ndipo silikoni wonunkha ngati viniga amadya mkuwa pamene akuuma. Guluu wa kandulo, wothira ndi kamfuti kotentha, amafewa galimoto ikakhala padzuwa la mu Okutobala mawindo otseka.

Pamene pathyoka ndi pa galimoto

Nthawi zina chivundikiro chili bwino, koma mlomo umene kambedza kamakola, wa pa dashibodi kapena pa bokosi, ndi umene wabenthuka. Kulowetsa chowotchera kumapazi, pakati pa mawaya, mutu uli chozondoka, si nzeru. Apa velcro ndi cable tie ndi zimene zimapulumutsa.

Velcro wokhala kale ndi guluu kuseri dulani tizidutswa tiwiri ta mamilimita 20 kwa 25. Funani malo aphwatalala pamene mphepete ya chivundikiro imagona pa pulasitiki wa galimoto. Kumbukirani kuti mbali ziwiri zikagwirana zimakhuthala mamilimita atatu kapena anayi, choncho chivundikiro chitumphuka pang'ono. Pukutani malowo ndi spirit, aume, matani, kanikizani masekondi 30, ndipo musatsegule kwa maola 24 kuti guluu akhwime. Pa PP guluu ameneyu amafooka pakatentha. Ngati mungapeze mankhwala opaka pa pulasitiki musanamate, amene openta mabampa amagwiritsa ntchito, pakani. Apo ayi, mbali ya pa chivundikiro isokereni ndi ulusi wa nayiloni kudzera m'timabowo tiwiri.

Cable tie ndi yolimba kuposa velcro ndipo siopa dzuwa. Tengani yaing'ono, ya mamilimita 2.5 m'lifupi ndi 100 m'litali. Boolani chivundikiro chili kunja, bowo la mamilimita 3, kutalika mamilimita 6 kuchokera m'mphepete kuti pasang'ambike. Ku mbali ya galimoto, yambani mwafufuza bowo kapena nthiti imene ilipo kale yoti mukolekepo. Ngati mukuyenera kuboola, boolani pulasitiki wa dashibodi yekha, osati bokosi la mafyuzi. Pisani chala kuseri, unikani ndi tochi, ndipo zunguzani tepi pa biti kuti isalowe kupitirira mamilimita 5. Ku mbali ya timano mangani molekerera kuti cable tie ikhale ngati hinje. Ku mbali yotsegulira gwiritsani ntchito yomasuka yokhala ndi kobanikiza, kapena sungani zina zisanu ndi kodulira m'kabati, chifukwa fyuzi imapsa usiku pa msewu ndipo bokosi liyenera kutseguka ndi manja. Musakoleke pa mtolo wa mawaya, pa chitsulo cha chiwongolero chimene chimazungulira, kapena pa chilichonse choyenda ndi zopondera. Mchira wotsala dulani cha patsinde penipeni. Wodula mopendeketsa amacheka mwendo ngati lezala.

Chimene simuyenera kuchita n'kukhoma sikuluwu yodziboolera yokha kupyola chivundikiro kulowa m'bokosi. Kuseri kwa pulasitiki amene mukuonayo kuli timizere ta mkuwa tosanjikizana tonyamula moto wochokera ku batire, ndipo pa galimoto zambiri zatsopano kompyuta yoyendetsa maloko, nyali ndi mawaipa ili m'bokosi lomwelo. Waya womangira, msomali ndi tepi ya aluminiyamu nazonso zikhale kutali.

Bokosi lenilenilo likamagwedera, kapena pali posungunuka

Gwirani bokosi ndi dzanja, muligwedeze pang'ono. Ngati likuyenda, kachitseko kakunja sikangalingane nalo. Limamangidwa ndi manati kapena mabawuti a sipanala ya 10, kapena limakola pa chitsulo. Mutachotsa batire, mangani mpaka agwire, muonjezere pang'ono pokha. Khutu la bokosi ndi lapulasitiki, mukalimbitsa ngati nati ya tayala limasweka. Losweka kale ligwirizeni ndi washala wamkulu.

Chivundikiro chopindika ngati chinaikidwa pamoto, kapena chokhala ndi dontho losungunuka, chikukuuzani nkhani ina. Onani fyuzi imene inali pansi pa dontholo. Mukapeza pulasitiki wake wada, kapena ikuzuka yosalimba, chitsulo chofinya cha m'kati chakanuka. Pogwira mofooka pamatentha ngakhale fyuzi isapse. Zina zoyambitsa ndi fyuzi yamphamvu kuposa ya pa mapu, fyuzi yachinyengo imene siduka pa mphamvu yolembedwa, waya wopota woikidwa m'malo mwa fyuzi, kapena katundu wambiri pa soketi ya laitala, monga pampu ya matayala ndi invetala. Chimodzimodzi mukaona zobiriwira pa zitsulo kapena kapeti ya pansi pa bokosi ili yonyowa: madzi akulowera pa mphira wa galasi lakutsogolo, pa ngalande ya kunsi kwa mawaipa yotsekeka ndi masamba, kapena paipi yotulutsa madzi a eyakoni yatsekeka. Zimenezi mupite nazo kwa wamagetsi a galimoto. Kutseka bwino chivundikiro pamwamba pa bokosi lotentha n'kungobisa utsi.

Kugula china

Timano tiwiri tikathyoka, kapena kalilime katachoka konse, chakale cha pa galimoto yophwasula chimaposa kukonza. Ku Blantyre ambiri amalowera ku Ndirande, ku Lilongwe cha ku Biwi ndi Mchesi. Tengani chakale chija m'manja, ndipo lembani nambala ya chasisi, makamaka zilembo zoyambirira monga NZE121 pa Corolla, SCP90 pa Vitz kapena GE6 pa Honda Fit, chifukwa dzina lokha la galimoto silikwanira. Ngati kuseri kwa chakale kuli nambala ya sipeya, imene pa Toyota imakhala ya manambala 10 ogawa pawiri, ifanizeni. Pindani kalilime ka chimene akukugulitsani kawiri katatu, muone ngati patsinde payera. Chimene chakhala padzuwa miyezi yambiri chimafufuta ngakhale chikuoneka chonse.

Chenjerani ndi mapu. Galimoto za dzina limodzi koma injini kapena chaka chosiyana zimatha kukhala ndi chivundikiro chofanana maonekedwe koma mapu osiyana. Fanizani mzere ndi mzere, CIG, DOME, STOP, TAIL, WIP ndi zina zonse pamodzi ndi manambala ake. Zikasiyana, sindikizani chithunzi chimene munajambula poyamba, muchimate pamwamba pa mapu olakwikawo ndi tepi yoonekera.

Mukabwezera, kokani chivundikiro ndi zala ziwiri pakona iliyonse, kenako chigundeni pang'ono ndi m'mbali mwa nsapato monga zimachitikira potsika. Bwezerani kapeti, muikole pa zokolera zake, ndipo injini isanayake pondani buleki, kilachi ndi faya mpaka pansi, kuona kuti palibe pamene phazi kapena chopondera chikukhudza chivundikiro kapena cable tie. Yatsani galimoto, muyese nyali za buleki, maindiketa, mawaipa, hutala, mawindo ndi soketi ya laitala, chifukwa fyuzi imatha kusunthika pogwira ntchito. Mukatero yendani makilomita awiri kapena atatu pa msewu wa mabampu, wailesi itazima, muime, muchikokenso.